Akonza bug ya bokosi, koma tsopano gulu lathu likupasuka

Kadzidzi_Usiku
Anzanga, ndili ndi dandaulo ndipo ndikufuna kumva ngati ndili ndekha. Chitulukireni patch (zosintha zimene opanga gemu amatulutsa) ya sabata yathayi, ine ndi anzanga atatu amene takhala tikusewera gemu yathuyi limodzi miyezi isanu ndi itatu sitikumvananso. Mukukumbukira kuti tikapha boss (chilombo chachikulu) wa kuphanga lomaliza lija, bokosi limatseguka kawiri ngati mmodzi wa ife anafa n'kudzutsidwa nkhondo ili mkati. Tonse timadziwa kuti inali bug (cholakwika m'pulogalamu ya gemu), sindikukana. Aikonza, chabwino. Koma m'patch yomweyo aikamo lamulo loti loot (zida zimene zimagwa chilombo chikafa) izigwera okhawo amene ali pafupi pamene chilombo chikufa. Ine ndimasewera wa uta, ntchito yanga ndi kuima patali. Dzulo tinasewera maola atatu. Mnzathu wa nkhwangwa anadzaza thumba kanayi, ine ndinatola mphete imodzi ndi nsapato zosandikwanira n'komwe pa build yanga (mmene ndinakonzera munthu wanga wa m'gemu). Ndikayandikira kuti nanenso ndipezeko kanthu, ndikufa, chifukwa zovala zanga n'zopepuka. Pomaliza mnzathu mmodzi ananena kuti kuli bwino aliyense azisewera payekha mpaka zinthu zidzasinthe. Mawu amenewo andiwawa kuposa zida zonse zimene ndaphonyazo. Kodi enanu zikukuchitikiraninso? Nanga anachita dala, kapena ndi bug inanso yatsopano?

Chishango44
Pepani a Kadzidzi, koma za bokosi zija ine ndili mbali ya opanga gemu. Zinafika poipa. Anthu amadziphetsa dala nkhondo ili mkati kuti bokosi litseguke kawiri. Ine wa chishango ndimatsala ndikulimbana ndi boss ndekha, anthu atatu ali gone pansi kudikira kuti ndiwadzutse. Kumeneko sikusewera limodzi ayi.

MphenziYofiira
Bokosi palibe akulilirira. Werenganinso bwino. Nkhani ndi ya mtunda.

Chishango44
Ndawerenga amwene, ndikubwera komweko. Lamulo la mtunda analiika chifukwa cha anthu aja amalowa m'gulu n'kukaima pakhomo la phanga, manja lende, ena akukhetsa thukuta mkati, iwo n'kumangolandira zida. Tinadandaula tokha pompano mwezi wathawu, ndipo ena mwa amene akukwiya lerowa ndi omwe ankafuula kwambiri. Walira mvula walira matope.

Nthenga_Yoyera
Achimwene a Chishango, woima pakhomo ndi wina, wa uta ndi winanso. Musawaike m'dengu limodzi. Ine ndimasewera wochiritsa ndipo ndikuona zomwe a Kadzidzi akunenazi. Ndimaima kumbuyo chifukwa ndikafa ine gulu lonse latha. Usiku wa Lachiwiri ndinachiritsa anthu m'mapanga asanu otsatizana, palibe anafa ndi mmodzi yemwe, koma pobwerera ku mzinda thumba langa linali lopepuka ngati sindinapite nawo. Anzanga anandigawirako zawo chifukwa ndi anthu abwino mtima, koma zida zawozo n'za anthu omenya, ine sizindithandiza. Ngati gemu ikufuna kuti pakhale wochiritsa, izimuwerengeranso ntchito yake.

Gogo_wa_Mphanga
Ana inu, vuto limeneli ndi lakale kuposa mmene mukuganizira. Ine ndinayamba ndi Diablo II, imene inatuluka mu 2000. Mmenemo anthu asanu ndi atatu amatha kulowa gemu imodzi, ndipo chida chikagwa chimagwera pansi pamaso pa aliyense. Woyamba kudina ndiye mwini wake. Ndiye ganizirani, Barbarian womenya pafupi waima pamphuno penipeni pa boss wotchedwa Baal, pamene Amazon wa uta ali kumapeto kwa sikirini. Baal akagwa, wa uta asanathamange n'komwe, pansi pasesedwa kale. Dandaulo la a Kadzidzili tinkaliimba zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Zimene zinkachitika n'zakuti boss akatsala pang'ono kufa, aliyense amasiya kumenya n'kuyamba kuunjikana pafupi, chala chili chire pa mbewa ya kompyuta. Mumaona kuti lamulo la loot limasintha khalidwe la anthu. Silimangonena kuti ichi n'cha yani, limaphunzitsa anthu mmene azichitira ndi anzawo.

Koma ndinene chilungamo, panalinso kukoma kwake. Anthu akachuluka m'gemu zilombo zimalimba, komanso mwayi woti chilombo chife osagwetsa kanthu umachepa, ndiye kusewera pagulu kumapindulitsa. Ndipo ngati mukusewera ndi anzanu enieni, mumapangana musanalowe: chida cha Sorceress chikagwa n'cha uje, rune (kamwala kolimbitsira zida) ikagwa tigawana mosinthana. Nkhanga zinapangana kusanache. Mapangano amenewo ndi omwe ankamanga ubwenzi.

MphenziYofiira
Agogo, mapangano amagwira ntchito chida chikagwa pamene nonse mukuchiona. Kuno sichikugwa n'komwe kwa wa uta. Mugawana chiyani?

Gogo_wa_Mphanga
Mwalasa. Apa ndiye zasiyana ndi zathu zakale zija.

Nambala_Zanga
Ndisanalowe mbali ya aliyense ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri, chifukwa pa nkhani za loot maso amanamiza. Maola atatu akumveka ambiri, koma pa zida zosowa ndi ochepa kwambiri. Tiyerekeze kuti chida china chili ndi mwayi umodzi pa 100 woti chigwe boss akafa. Anthu ambiri amaganiza kuti ukamupha ka 100 ndiye basi uchipeza. Sizili choncho. Ulendo uliwonse mwayi umayambiranso pachiyambi, gemu sikumbukira kuti unalephera dzulo. Ukawerengetsa, pa anthu 100 amene aliyense wapha boss ka 100, pafupifupi 37 amakhala asanachionebe. Ngakhale aphe ka 300, anthu pafupifupi 5 pa 100 amatsalabe chimanjamanja. Anthu asanu amenewo ndi amene amabwera kudzalemba kuti loot yawonongeka, ndipo sakunama pa zomwe aona, kungoti ndi tsoka wamba.

Sindikunena kuti za a Kadzidzi ndi tsoka. Chimene chandigwira mtima m'nkhani yawo n'chakuti ngakhale zida wamba sizikugwa. Kudzaza thumba kanayi uku mnzako ali ndi zinthu ziwiri, pamenepo si mwayi. Ndiye tikafuna kuyesa, tisawerenge zida za golide zosowa zija. Tiwerenge chilichonse chogwa, ngakhale chotsika bwanji, pa zilombo zofanana, pamalo amodzi.

Chishango44
Apa ndikugwirizana nanu. Tiyese kaye tisanayambe kunyoza anthu.

Kadzidzi_Usiku
Sindinanyoze munthu a Chishango. Ndangofunsa.

Chishango44
Sindimanena inu achimwene, ndimanena mmene zimathera nkhani zoterezi. Pepani ngati zamveka molakwika.

Fulu_Wodekha
Ine ndikufuna kubwerera pa bokosi lija pang'ono, ngakhale a Mphenzi akuti palibe akulilirira. Ine ndikulilirira. Osati chifukwa ndimakonda kubera, koma chifukwa bug ija imabisa vuto lina. Loot ya gemu yathuyi ndi yowuma. Bokosi lachiwiri lija ndi lomwe limapangitsa kuti munthu ukamaliza phanga uzimva kuti walipidwa. Alichotsa osaonjezera kalikonse kwina, ndiye tsopano tikuona gemu mmene inalili kuyambira kale.

Zoterezi zinachitikapo poyera. Gemu ya Anthem ya kampani ya BioWare itatuluka mu Febuluwale 2019, panali nthawi imene zida zabwino zinayamba kugwa zambiri mwangozi. Osewera anasangalala, ena amene anali atasiya anabwerera. Patangopita maola ochepa anakonza, zinthu n'kubwerera mwakale, ndipo mkwiyo umene unatsatira unaposa wapoyamba, chifukwa anthu anali atalawa mmene gemu ikanakomera. Destiny nayonso mu Seputembala 2014 inali ndi phanga lija la ku Cosmodrome limene anthu amangoima patsogolo pake n'kumawombera adani otuluka mosalekeza kuti atole zogwa. Bungie, kampani yopanga gemuyo, inalitseka mwezi womwewo. Koma funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani anthu zikwizikwi anasankha kuima malo amodzi kwa maola kusiyana ndi kusewera mishoni zokongola zimene anawapangira? Chifukwa mishonizo sizimalipira mokwanira. Anthu akamathamangira bug, opanga gemu azifunsa kaye kuti akuthawa chiyani.

MphenziYofiira
Izi ndiye zoona zokhazokha.

Chishango44
Zoona theka. Munthu ngakhale umupatse zambiri bwanji, akaona njira yachidule adzadutsa pomwepo. Mukawapatsa mabokosi awiri mwalamulo, mawa apeza bug yotsegula anayi ndipo adzaigwiritsa ntchito. Ndipo loot ikachuluka kwambiri gemu imafa msanga. Sabata ziwiri aliyense wavala zida zapamwamba, palibenso chosakasaka, anthu n'kubalalika. Kusowa kwa chida ndi komwe kumachipatsa ulemu.

Fulu_Wodekha
Kusowa kwa chida chimodzi chapamwamba, eya. Koma kusowa kwa chilichonse chothandiza, ayi. Pali kusiyana pakati pa kusaka njovu ndi kuyenda tsiku lonse osaona ndi mbewa yomwe.

Gogo_wa_Mphanga
Mkangano wa awiriwa kampani ya Blizzard inaudutsa ndi Diablo III, ndipo inaphunzira mowawa. Gemu ija inatuluka pa 15 Meyi 2012 ili ndi msika wa zida wa golide wa m'gemu mkati mwake, ndipo mwezi wotsatira anatsegulanso wina wa ndalama zenizeni. Popeza aliyense amatha kugulitsa chimene wapeza, zida zabwino zinayenera kukhala zosowa zedi, apo ayi msika ukanasefukira. Zotsatira zake, munthu umatha kusewera sabata yathunthu osapeza chokuyenera, ndipo chikagwa chida chapamwamba umapeza chili ndi mphamvu za kalasi ina (mtundu wina wa wankhondo, osati wako). Njira yanzeru yokulitsira munthu wako inasanduka kukhala pa msika n'kumayang'ana mitengo, osati kupha ziwanda. Eni ake anavomereza kuti msikawo ukuwononga chimene gemu inapangidwira, ndipo anautseka pa 18 Malichi 2014. Chakumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho anali atatulutsa patch imene anaitcha Loot 2.0: zida zogwa zinachepa kuchuluka koma zinakwera ubwino, ndipo zambiri zimabwera zogwirizana ndi kalasi imene ukusewera. Kenako pa 25 Malichi kunabwera gawo loonjezera la gemuyo lotchedwa Reaper of Souls.

Koma chimene ndikufuna a Kadzidzi ndi a Nthenga amve ndi ichi. M'gemu imene ija aliyense amaona loot yakeyake, palibe kulandana. Zida zapamwamba zotchedwa legendary anazimangirira kwa mwini wake kuti zisagulitsidwe, koma anasiya kampata kakang'ono: kwa maola awiri chigwereni, umatha kupatsa mnzako amene anali nawe pamene chimagwa. Kampata kameneko kanapangitsa kuti anthu a kalasi imodzi azifunana, chifukwa chimene iwe uli nacho kale ukhoza kumuponyera mnzako. Umu ndi mmene lamulo la loot limakokera anthu pamodzi m'malo mowabalalitsa.

Nthenga_Yoyera
Agogo, lamulo la maola awirilo likanandithandiza pokhapokha zida za anzanga zikanakhala zondiyenera. Koma mfundo yanu ndaimva. Chimene ndikusowa ine ndi chifukwa choti anzanga azisangalala ndikakhalapo, nanenso ndizisangalala kuti ndabwera.

Kalulu09
Pepani akuluakulu, ndine watsopano, ndayamba mwezi uno. Ine vuto langa ndi losiyana, thumba limadzaza msanga ndi zinthu zosathandiza. Kodi zida za buluu zija (paja mtundu umasonyeza ubwino wa chida) ndizitola kapena ndizisiya? Ndimataya nthawi yambiri kuwerenga chimodzichimodzi mpaka anzanga amandisiya m'mbuyo.

Fulu_Wodekha
Takulandirani. Mpaka mufike chapakati pa gemu, tolani zachikasu ndi zoposa apo, za buluu muzitola pokhapokha mukusowa zophwanya kuti mupeze zipangizo zosulira. Ndipo musamawerenge muli m'phanga. Tolani, mukawerengere ku mzinda anzanu akamakonza zida zawo.

Nambala_Zanga
Ichi ndi chifukwa chake tikufunika filter ya loot m'gemu muno. Path of Exile, ya Grinding Gear Games ya ku New Zealand, inaika zimenezi mu 2015. Umalemba wekha malamulo kuti zakutizakuti zisaoneke n'komwe pansi, zakutizakuti zioneke zazikulu ndi kulira belu zikagwa. Popanda filter, kumapeto kwa gemu imene ija sikirini yonse imakwiririka ndi mayina a zinthu. Last Epoch, imene inatuluka mokwanira mu Febuluwale 2024, inaika filter yake mkati mwa gemu momwemo, yosafuna kulemba fayilo.

MphenziYofiira
Filter ndi bandeji. Ngati zinthu 99 pa 100 zikufunika kubisidwa, bwanji osangosiya kuzigwetsa?

Nambala_Zanga
Chifukwa chosathandiza kwa inu chimathandiza wina. Wosula zida amafuna zoyera zimene inu mumaponda. Koma mfundo yanu ili ndi mutu, ndipo Diablo IV inalowera komweko mu Meyi 2024 ndi season imene anaitcha Loot Reborn. Anachepetsa mizere ya mphamvu pa chida chilichonse kuti munthu uzitha kuona msanga ngati n'chabwino, zina n'kumaonjezera wekha kwa wosula.

Kalulu09
Zikomo nonse. Nanga wa uta ndi wabwino kwa woyamba kumene? Ndimafuna kuyesa koma nkhani ya a Kadzidziyi yandiopsa.

Kadzidzi_Usiku
Ndi wabwino kwambiri mng'ono wanga, musaope. Mukamasewera nokha palibe vuto lililonse, loot ikugwa bwinobwino. Vuto likubwera pagulu pokha.

Mlonda_wa_Gulu
Za filter ndi za kalasi yoyambira tiyeni tizitsegulire ulusi wake, ndi nkhani zabwino zoti ena adzazipeze mosavuta. Pano tibwerere ku funso la a Kadzidzi. Pali amene wayesa zimene a Nambala ananena?

Nambala_Zanga
Mawu omaliza a a Kadzidziwo ndi ofunika kuposa mmene akuonekera. Akuti akamasewera okha loot ikugwa bwinobwino, chonsecho akaima patali pomwe paja. Ngati lamulo likanakhala loyeza mtunda kuchokera pa chilombo, ndiye kuti ngakhale ali okha zikanawavuta, kupatula ngati lamulolo limazimitsidwa munthu akakhala yekha. Zonse ziwiri n'zotheka. Ndifotokoze mmene zimayendera. Chilombo chikafa, si kompyuta yanu imene imagamula za loot, ndi seva, kompyuta ya eni gemu. Seva imatenga mndandanda wa anthu a m'gulu, n'kufunsa za aliyense kuti kodi uyu akuyenera kulandira, kenako n'kumuponyera maere ake. Funso la mtunda limafuna malo awiri: pamene pali inu, ndi pamene akuyambira kuyeza. Malo achiwiriwo wolemba pulogalamu akhoza kulakwitsa mosavuta, mzere umodzi wokha. Akhoza kuyeza kuchokera pa mtembo wa chilombo, kapena pamene chinabadwira, kapena pa mtsogoleri wa gulu, kapena pa amene wachimaliza. Poyesa kuofesi, ngati onse anayi anaima pamodzi, zonsezi zimapereka yankho lofanana ndipo palibe angaone cholakwika.

Musadabwe kuti kanthu kakang'ono kangathe kugwedeza gemu yonse. Mu Meyi 2013, patch 1.0.8 ya Diablo III inakweza kuchuluka kwa golide amene munthu angaike pa msika. Manambala ena anapitirira 2,147,483,647, omwe ndi malire a nambala imene imakwana m'malo a 32-bit, ndipo kuwerengetsa kunasokonekera moti anthu anayamba kuchulukitsa golide kuchokera pa mphepo. Anachita kutseka msika kwa masiku angapo. Amene analemba kusinthako sankafuna kuwononga chilichonse, ankangothandiza ogulitsa.

Ndiye ndikupempha anthu atatu usiku uno. Wa uta mmodzi, womenya pafupi mmodzi, ndi wachitatu woima pakati wosamenya. Tipite ku chigwa cha mafupa chija kumene zilombo zake n'zofooka ndipo zimabwera zambiri. Ulendo woyamba azimaliza ndi wa pafupi yekha. Ulendo wachiwiri azimaliza ndi wa uta yekha. Aliyense alembe chilichonse chimene chamugwera.

Kadzidzi_Usiku
Ine ndilipo.

Chishango44
Nanenso. Ngati ndalakwa ndikufuna ndione ndi maso anga.

Nthenga_Yoyera
Ine ndiima pakati. Ndijambulanso vidiyo.

Nyalugwe_Wakuda
Pamene mukuyesa, ine ndingoponyako maganizo. Bwanji osangotipatsa ufulu wosankha? Borderlands 3 ya Gearbox mu 2019 imakufunsa poyamba penipeni: mukufuna aliyense aziona loot yake ndipo adani azifanana ndi level ya aliyense, kapena mukufuna zachikale zolandana? Path of Exile nayonso mtsogoleri wa gulu amasankha, kaya chida chikhale cha aliyense, kaya chisungidwire mwini wake kwa kanthawi kochepa, kaya chikhale chake mpaka kalekale. Gulu la anthu odziwana likhoza kuzimitsa lamulo la mtunda, gulu la alendo n'kuliyatsa. Woima pakhomo amavuta pakati pa alendo basi. Pakati pa abwenzi, mnzako akaima pakhomo ndiye kuti mwana wadzuka kapena foni yalira, ndipo palibe amadandaula.

Fulu_Wodekha
Ndi maganizo abwino koma ali ndi mbuna yake. Anthu ogulitsa ntchito yokweza ena adzangopanga gulu la "abwenzi", atatu aima pakhomo, mmodzi wamphamvu akusesa phanga. M'gemu imene zida zimagulitsidwa, zimenezo zimatsitsa mtengo wa thukuta la wina aliyense.

Nyalugwe_Wakuda
Ndiye awerengere ntchito, osati mtunda. Wamenya, wachiritsa, watchinga, wadzutsa mnzake m'masekondi angapo apitawo, alandire. Amene sanachite kanthu asalandire ngakhale ataima pamutu pa chilombo.

Gogo_wa_Mphanga
Chenjerani ndi kuwerengera ntchito, ana anga. Mukangonena kuti womenya kwambiri alandire zambiri, mwapha wochiritsa ndi wa chishango, ndipo aliyense adzavala zomenyera zokhazokha. Ngati n'kuwerenga, kukhale kwa eya kapena ayi: watengako mbali kapena sanatengeko. Monster Hunter imachita bwino pamenepa. Chilombo chikagwa aliyense amasenda mtembo payekha, mwayi wofanana, ndipo pa ulenje wamba gulu lonse likakomoka katatu mwalephera nonse. Phindu ndi la onse, tsoka ndi la onse. N'chifukwa chake mmenemo munthu amasiya kumenya n'kuthamanga kukapulumutsa mnzake.

MphenziYofiira
Koma opanga gemu amamva? Tikhoza kulemba mabuku pano iwo ali phee.

Gogo_wa_Mphanga
Nthawi zina amamva. Mu Julayi 2023, patch 1.1.0 ya Diablo IV inafooketsa makalasi ambiri nthawi imodzi season yoyamba isanayambe. Anthu anakwiya, ndipo patangopita masiku ochepa akuluakulu a gemuyo anakhala pa kamera n'kuvomereza kuti sanachite bwino, patch yotsatira n'kubweza zina. Koma chimene chimawafulumizitsa kwambiri si phokoso ayi, ndi lipoti limene wolemba pulogalamu angalitsatire n'kuona vutolo pa kompyuta yake.

Nambala_Zanga
Tabwerako. Tinapha zilombo 60 ulendo uliwonse, pamalo amodzi, aliyense osasuntha pamene anaima. A Kadzidzi anali patali pamene uta wawo umafikira, a Chishango pakati pa zilombo, a Nthenga pakati pa awiriwa.

Ulendo woyamba, akumaliza a Chishango: iwo zinthu 19, a Nthenga 17, a Kadzidzi 0.
Ulendo wachiwiri, akumaliza a Kadzidzi: iwo 21, a Nthenga 16, a Chishango 0.

Taonani ulendo wachiwiriwo. A Chishango anaima zilombo zikuwafera pamapazi, koma sanalandire ndi kamodzi komwe. Ndiye kuti mtunda sakuyeza kuchokera pa chilombo monga analembera m'mawu a patch. Akuyeza kuchokera kwa amene waponya nkhonya yomaliza. Tinabwerezanso kachitatu onse ataunjikana pamodzi, ndipo aliyense analandira mofanana. Imeneyi ndi bug, si cholinga chawo.

Chishango44
Ndaona ndi maso anga. Kuima pakati pa mitembo, mnzako kutali uko akutola, iwe pansi pali mbee, zimawawa. Ine zangondichitikira mphindi khumi, a Kadzidzi apirira sabata yathunthu. Achimwene, ndinafulumira kuyankhula, mundikhululukire. Komabe pa lamulo lenilenilo sindinasinthe, woima pakhomo asamalandire.

Kadzidzi_Usiku
Palibe mlandu achimwene, mwatithandiza kupeza chenicheni. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mnzathu wa nkhwangwa amadzaza thumba. Build yake ili ndi mphamvu ija yomaliza chilombo chikatsala pang'ono kufa, ndiye pafupifupi zonse amamaliza ndi iyeyo. Ine ndimachotsa moyo wambiri, iye n'kutsiriza. Sanandibere chilichonse, ndipo ndikuvomereza kuti mumtima ndinayamba kumuganizira zoipa.

Nthenga_Yoyera
Koma akakonza zimenezi vuto langa lithe? Mawu a patch akuti pafupi ndi chilombo. Ngakhale ayeze molondola, uta wa a Kadzidzi ndi ndodo yanga yochiritsira zimafika kutali. Tinaona usiku uja kuti nditabwerera m'mbuyo masitepe ochepa chabe kuchoka pakati paja, zinasiya kugwa. Bwalo lake ndi laling'ono. M'lipotimo mulembenso kuti mtundawo ukhale wosachepera pamene chida chofika kutali kwambiri chimafikira, apo ayi tidzabweranso pano patch ikubwerayi.

Nambala_Zanga
Ndilemba, koma padera. Lipoti la bug likhale la bug yokha: mtundu wa patch, malo, makalasi atatuwo, pamene aliyense anaima, zimene timayembekezera, zimene zinachitika, manambala ndi vidiyo ya a Nthenga. Mukasakaniza ndi madandaulo, wolandira amaliika m'gulu la maganizo a osewera ndipo silifika kwa okonza. Pempho la kukula kwa bwalo ndi lija la a Nyalugwe lowerengera kutengako mbali ndizitumiza kumbali ya maganizo. Amene ali pa console (makina osewerera gemu pa TV) ayeseko chimodzimodzi atiuze, ife tonse tinali pa kompyuta.

MphenziYofiira
Ine ndili pa console. Ndiyesa mawa ndi azibale anga awiri. Zilombo 60 zomwezo?

Nambala_Zanga
Eya, 60 ulendo uliwonse, ndipo wina asakhale ndi poizoni kapena moto wopitiriza kuwotcha, chifukwa simudzadziwa amene wamaliza.

Fulu_Wodekha
Ine ndikadali pa mfundo yanga ija. Akakonza mtunda, loot idzakhalabe yowuma popanda bokosi lachiwiri. Ndiitsegulira ulusi wake.

Kalulu09
Ndiye pakadali pano tizisewera bwanji pagulu?

Kadzidzi_Usiku
Ife tagwirizana chonchi mpaka akonze. Pa zilombo wamba ndiziima kumbuyo kwenikweni kwa wa chishango, ndavula mphete imodzi yomenyera n'kuvala ya moyo kuti ndizipirira. Pa boss, akatsala pang'ono kufa, wa nkhwangwa azidikira kaye tonse tifike pafupi naye asanatsirize. Ndamutumizira vidiyo ija mnzathu amene amafuna kuti tizisewera payekhapayekha, wayankha kuti Loweruka alowa. A Nthenga, wochiritsa wathu sadzakhalapo tsiku limenelo, ngati muli ndi mpata malo alipo.

Nthenga_Yoyera
Ndidzabwera. Munditumizire dzina la gulu kumbali.